Pisitoni Yanga Ili kwa Apongozi

Lolemba, 3 Febuluwale

Ndakwiya.

Alamu anga a Lameki, achimwene ake a mkazi wanga, abwera ku chigafa m'mamawa manja ali kumbuyo ngati oyendera sukulu. Akuti: "Alamu, fodya wakhwima m'munda, tikufuna popachika. Lamulungu dzuwa likamalowa muno mukhale pululu. Chigalimoto chanuchi chikapanda kutuluka chokha, tichotsa ekiselo ndi matayala, tipangire ngolo."

Ngolo! Adona akhale ngolo!

Adona ndi galimoto yanga. Pikapu ya mphuno yozungulira, yakale kuposa msewu wa ku Nsaru, yakale kuposa ine ndi a Lameki kutiphatikiza. Ndinaipeza pa esiteti ina ya fodya itatsekedwa, nkusinthanitsa ndi nkhumba zanga. Inabwera pano chokokedwa, ndipo chibwerereni ili mu chigafa, ine ndikuikonza pang'onopang'ono monga amachitira akatswiri. Opanda maso amati chidzimbiri. Ine ndimati Adona.

Ukamwini ndi umenewu. Nsichi za chigafa ndinadula ndine, udzu ndinafolera ndine, koma nthaka ndi ya kuchikazi. Ukafuna kutsokomola uyambe wapempha.

Ndawayankha kuti Loweruka Adona alira, ndipo akalira agalu a ku Kabudula akabisala pansi pa nkhokwe. A Lameki aseka mpaka misozi. Munthu woti njinga yomwe amaikwera ngati akukwera mtengo wa papaya!

Injini yonse ili pa mphasa, mwadongosolo:

- mapisitoni anayi
- mabawuti, aakulu kumanja, aang'ono kumanzere
- mapulagi
- tizitsulo tina tomwe mayina ake ndi chinsinsi cha akatswiri
- chisa cha makoswe (ichi sichibwereramo)

Masana. Pisitoni yachitatu ndi yakuda bii. Ndaikwecha ndi petulo mpaka ndadzionamo nkhope, ndipo ndine wooneka bwino ndithu. Kadzuwa katuluka. Pabwalo ponse matope, pouma ndi pa chitsa cha mango chokha, chija chili pakati pa nyumba yathu ndi ya apongozi. Ndaiika pamenepo m'kambale kuti iume, pamodzi ndi maringi ake ndi kachitsulo kake kapakati.

Mvula! Ndathamangira kukafunditsa injini. Denga likudontha ndendende pamutu pa Adona. Amene anafolera chigafachi ndi munthu wosadziwa ntch... Ayi. Udzu wake ndiwo unali woipa.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Pisitoni palibe!! Ndi kambale komwe!!

Amene ndikuwaganizira:

1. A Lameki.
2. Anyamata ogula zitsulo zakale, oyenda ndi sikelo panjinga aja.
3. Mbuzi ya a Lameki. Inadyapo sokosi yanga ili pachingwe.
4. A Lameki kachiwiri.

Ndaima pakati pa bwalo, ndatulutsa mawu onse. Ndati amene watenga chitsulo changa dzanja lake lipindike ngati chikwakwa, mimba itupe ngati ng'oma, mano agwe limodzilimodzi kuyambira akutsogolo. Ndalankhula bwino kwambiri. Nkhunda zathawa padenga. Ndikhulupirira ku Mpingu andimva.

Ndili chiimire choncho, Nangozo mkazi wanga akutulukira kuseri kwa nyumba ya amayi ake, mbale ya bowa wotendera m'manja, akumwetulira ngati wawina mpikisano. Akuti: "Amayi akuti zikomo kwambiri. Akuti mwa akamwini onse a m'mudzi muno, ndinu nokha mwaganiza zowagulira kamtondo kachitsulo."

Kamtondo kachitsulo?

Chitsa chija! Chikwatirireni pano sindinalankhulepo ndi apongozi maso ndi maso. Ndi mwambo, ndipo ine ndimausunga kuposa aliyense m'boma la Lilongwe. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chimanga. Ndikawagulira shuga kapena sopo sindiwapatsira m'manja, ndimaika m'kambale pa chitsa, iwo nkudzatenga ine nditachoka. Chitsacho ndiye positi ofesi yathu. Ndiye dzulo ine mwini wanga, wamutu wabwinobwino, ndatumiza pisitoni pa positi.

Aitembenuza chagada, akuperamo fodya wamphuno. Kachitsulo kapakati kaja kasanduka munsi. Ndikumva kuchokera kuno: go, go, go. Kulikonse kumene ndingapite, go, go, go.

Ndafunsa Nangozo ngati amayi anamva matemberero aja. Akuti anamva. Akuti: "Amvera chisoni. Akuti wakubayo Mulungu amuone, kubera munthu wopatsa ngati inu."

Bowa ndadya mokwiya. Ndi wokoma. Zandikwiyitsanso.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndatuma Nangozo kuti akanene mwaulemu kuti panali kulakwitsa pang'ono. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Akuti: "Mwapenga kodi? Mphatso ya amayi nkukaitenganso? Mukufuna azimayi atiimbe nyimbo pamtondo mpaka tidzakalambe?"

Ndati galimoto siyenda ndi mapisitoni atatu. Akuti: "Nanga ndi anayi inkayenda?"

Mkazi ameneyu ndinamukwatira ali wofatsa.

Ndapalasa njinga mpaka ku Nsaru, mvula ili pamsana, pisitoni ina ili m'thumba yokaonetsa. Ndalowa m'sitolo ya a Saidi, amene amati ali ndi chitsulo chilichonse cha pansi pa thambo. Aitembenuza uku ndi uku. Aitana abambo awo kuseri, nkhalamba ya ndevu zoyera mbee. Nkhalamba yaigwira ngati dzira, yapukusa mutu. Akuti: "Amene ankapanga izi anamwalira, bambo. Ana awonso anamwalira."

A Saidi akuti: "Koma ekiselo yake imakhala yolimba. Bwanji osangopanga ngolo?"

A Lameki anadutsako. Palibe angandiuze zina.

Pobwerera, pa kanjira ka kudimba, ndikungoona apongozi uko akubwera! Ndadzigwetsa m'chimanga ndi njinga yomwe. Mzere umene ndagweramo ndi wodzaza madzi. Ndagona chafufumimba, achule akundiyang'ana. Apongozi adutsa pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo, pisitoni yanga ili m'khwapa, yokulungidwa m'kansalu ngati khanda lopita ku sikelo. Ndikanatambasula dzanja ndikanaikhudza. Mwambo! Mwambo!

Madzulo. Pakhonde pawo padzaza agogo a mudzi wonse, ena ochokera kutsidya kwa dambo. Onse akuyetsemula, onse akuyamikira. Wina akuti: "Fodya ameneyu akumveka mpaka kuchala cha kuphazi!" Wina akuti: "Chimfine cha chaka chatha chatuluka lero."

Ndi petulo wanga ameneyo. Akununkhiza petulo wanga ndipo zikomo sakupereka kwa ine.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Lero amayi onse amapita ku msonkhano wa kutchalitchi. Nzeru yabwera. Nzeru zanga zikabwera zimabwera ngati mvula ya matalala.

Dongosolo:

- kudikira achoke
- kulowa m'khitchini mwawo
- kutenga chimene chili changa
- kunamizira mbuzi

Masana. Ndikulemba nditasamba kawiri koma manyazi sakuchoka.

Ndalowa. Khitchini ya apongozi, mmene phazi la mkamwini silinapondemo chimangireni! Pisitoni ili pa kansanja pamwamba pa moto. Ndaitola, osadziwa kuti ndi yodzaza. Fodya yense kumaso, m'mphuno, m'malaya. Nthawi yomweyo mvula yaa! Ndipo panja mapazi. Abwerera panjira!

Ndabisala kuseri kwa chitseko, pafupi ndi nkhuku yawo yofungatira mazira. Apongozi akhala pakhomo penipeni, msana kwa ine, ayamba kusankha nyemba. Imodzi. Imodzi. Nyemba za mudzi wonse. Ine ndatsina mphuno, misozi ili chuchuchu, mutu ukufuna kuphulika. Ndapirira ngati msilikali. Kenako zakanika. Etsyee! Chitseko chachita kugwedezeka.

Apongozi osatembenuka akuti: "Iwe nkhuku, masiku ano ukuyetsemula ngati mwamuna wandevu."

Apitiriza kusankha nyemba.

"Iwe nkhuku, ngati pali chimene ukufuna m'nyumba muno, nena. Ndiwe wamkulu, uli ndi ana."

Nditani? Ndagwada. Ndayang'ana nkhuku m'maso. Ine, katswiri wa injini wa chigawo chonse chapakati, ndati: "Nkhuku, pepa, uwauze amayi kuti kamtondoka ndi mtima wa galimoto. Popanda iko galimoto isanduka ngolo."

Nkhuku yandijompha pabondo.

Apongozi akuti: "Nkhuku, uwauze kuti sindine mwana. Ndinadziwa Lachiwiri lomwe, pamene ankandilosera za dzanja lopindika ndi mimba yotupa. Za mano uwauze kuti achedwa, anagwa kale."

Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa ndi nsapato zomwe.

"Nkhuku, uwauze asiye pamene anakapeza. Ndikamaliza kuperera anzanga mawa, akapeza pa chitsa. Uwauzenso kuti fodya amene atayayo ndi wa amayi a abusa."

Aimirira, ayang'ana kukhoma kuti ndidutse. Ndatuluka chobwerera m'mbuyo mwaulemu wonse, nkukhala pansi m'beseni la gaga wonyowa.

Ndiye kuti dzulo m'chimanga muja anandionanso. Nchifukwa chake ankayenda pang'onopang'ono!

Nkhuku imeneyo tidzaonana pa Khirisimasi.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Pisitoni yabwera! Ili pa chitsa, m'kambale, ndi kachitsulo kake. Ndaipsompsona. Ndayetsemula.

Koma maringi palibe.

Maringi ndi timikombero tachitsulo tozungulira pisitoni, totseka mphamvu kuti isathawe. Popanda timeneti injini ili ngati munthu wouzira moto ndi tsaya lobooka. Ndafunsa Nangozo. Akuti: "Oo, zibangili zija? Zili pamkono pa amayi. Akuti kamtondo abweza poti nkhuku inapempha bwino, koma za zibangili nkhuku sinanenepo kanthu."

Ndati ndipite ndikalankhulenso ndi nkhuku. Akuti nkhuku yaswa anapiye m'mawa uno, yatuluka, ofesi yatsekedwa.

Ndipo chinthu chikakhala pathupi pa apongozi, mkamwini angachitchule bwanji? Kuyang'ana mkonowo kokha ndi mlandu. Ndikungowamva. Akamasesa, ngwe ngwe. Akamatunga madzi, ngwe ngwe. Chikhalireni sindinawamvepo akusesa kuseri kwa chigafa, lero asesako katatu.

Katswiri sasowa njira. Njinga ya a Lameki inali itatsamira pankhokwe, eni ake ali kumunda. Gudumu lakumbuyo lili ndi masipoko ambiri mopitirira muyeso. Ndabwereka ochepa. Ndawapinda ndi pulayala, ndawasula pamwala, ndawalowetsa m'mizere ya pisitoni. Akwana! Pafupifupi. Pamene sanakwane ndamenya ndi hamala mpaka amvera.

Fodya wina wakakamira m'kati mwa pisitoni ndi m'timizere. Petulo wotsukira palibe, wotsalayo ndi wa mawa. Ndapukuta ndi malaya basi.

Ndamanga injini yonse tsiku limodzi. Ku Lilongwe ntchito imeneyi amagwira anthu khumi ovala maovolosi, mwezi wathunthu, nkulakwitsabe.

Zotsala pa mphasa:

- mabawuti odzaza chipewa
- kasipuling'i kamodzi
- kachitsulo kooneka ngati khutu la mbuzi

Azungu akale ankaika mabawuti ambiri chifukwa cha mantha basi.

Madzulo. Ndapeza a Lameki atagona pansi pa Adona, akuyeza ekiselo ndi luzi. Pansi pa Adona! Ine ndili moyo! Akuti: "Ndikungoona ngati ng'ombe zanga zingakwanitse, alamu." Ndawauza kuti mawa abwere ndi thonje lotseka m'makutu. Ndaitana mudzi wonse. Adzaone okha.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Zilembo zikuyenda ngati nkhanu.

M'mawa zonse zinali bwino. Malaya oyera. Nsapato zopolisha. Anthu adzaza kuzungulira chigafa, ena akwera pachulu. Agogo a fodya aja akhala kutsogolo pamphasa. Kumbuyo kwanga, kumene sindingayang'ane, ngwe ngwe.

Ndalankhulapo mawu pang'ono, za mbiri ya Adona ndi mbiri yanga. Wina wakuwa kuti: "Tamva, abwana, lizani!"

Batire la sola la m'nyumba, lija Nangozo amatchajira mafoni, langoti kwi, basi. Palibe vuto. Galimoto zenizeni zili ndi chopukusira kutsogolo. Ndalowetsa chitsulo pamphuno pa Adona, ndalavulira m'manja, ndapukusa. Zii. Ndapukusa. Zii. Malaya oyera asanduka chikolopa. A Lameki akuti: "Alamu, tikuthandizeni ndi nyimbo?"

Ndapukusa ndi mkwiyo wa sabata yonse.

ADONA ALIRA!!!

Alira ndithu! Aliyense wamva! Chigafa chagwedezeka, udzu wagwa, ana abalalika, mbuzi ya a Lameki yadula chingwe. Nthungululu! Ine ndakweza manja ngati wagoletsa chigoli. Izi zilembedwe, ana a ana anga adzawerenge: inalira. Nthawi yake yokwana kupatsana moni ndi kufunsana za kunyumba.

Kenako Adona atsokomola. Kenako ayetsemula. Utsi wofiirira wabuka kumbuyo, kutsogolo, pansi, paliponse, wonunkha fodya wamphuno wopserera. Mudzi wonse etsyee! Abusa etsyee! Makanda kumsana etsyee! Agogo a kutsogolo okha ndiwo asendera pafupi, maso ali chitsinzire, akukoka mpweya. Mmodzi akuti: "Musazimitse, mwanawe."

Kenako m'mimba mwa injini gwa! gwa! gwaa! Ngati munthu akuswa miyala m'mgolo. Zii.

Ndathamangira chopukusira kuti ndiwadzutse. Chabwerera chokha, chandimenya padzanja. Ndaona nyenyezi masana.

Oyilo ali ponseponse. M'mbali mwa injini mwabooka dzenje loti nkulowetsa chibakera. Pansi pagwa kawaya kopindika. A Lameki akatola, akayang'anitsitsa, ayang'ana njinga yawo imene m'mawa uno inawagwetsera m'ngalande gudumu litapindika ngati nambala eyiti. Akuti: "Alamu, sipoko iyi ndikuidziwa."

Ndati masipoko amafanana.

Dzanja latupa, zala sizikuwongoka. Nangozo akulimanga ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, akulimbitsa dala. Akuti: "Paja munati wakuba dzanja lake litani?"

Sindikulankhula ndi aliyense. Anthu a mudzi uno sadziwa kuyamika. Yalira kapena sinalire? Yalira! Vuto ndi petulo wa masiku ano.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Abusa akuyetsemulabe. Nthawi iliyonse akayetsemula anthu akutembenukira kwa ine.

Masana a Lameki abwera ndi ng'ombe zawo ziwiri ndi tcheni. Sananyoze, zomwe zandipweteka koposa. Akuti: "Alamu, tiikokere kwa owotcherera pa mphambano. Injini ndi yanu, tidzakubwezerani pa wilibala."

Ndapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ulendo womaliza chiwongolero ndigwire ndine. Avomera. Ndapopa matayala ndi dzanja limodzi. Ndapukuta galasi. Ndalowa m'nyumba kukavala jekete.

Potuluka, ndikumva m'kati mwa Adona: ngwe ngwe.

Apongozi akhala pampando wakutsogolo, duku latsopano kumutu, chikwama pamiyendo. Nangozo akuti: "Akuti chibadwireni sanakhalepo kutsogolo kwa galimoto. Akuti aiperekeze mpaka pa mphambano."

Mpando ndi umodzi, wautali. Mkamwini kukhala phewa ndi phewa ndi apongozi? Ngakhale mundiphe.

Chiwongolero agwira a Lameki. A Lameki! Nangozo wakwera kumbuyo ndi ana, ndi agogo a fodya, ndi aliyense amene ali ndi miyendo yokwerera. Malo atha. Ine andipatsa mkwapulo kuti ndiziyendetsa ng'ombe. Ndiye dalaivala weniweni ameneyo, akutero a Lameki.

Tayenda. Ine pambali pa ng'ombe, jekete pathupi, matope m'nsapato, maso kutsogolo basi poti kumbuyo kuli apongozi. Hutala sagwira, ndiye apongozi akumenya chitseko ndi chikhatho, akukuwira anthu a m'njira kuti apatuke. Mkazi wina pachitsime wafunsa kuti galimoto ndi ya ndani. Ndamva ndi makutu anga akuyankha kuti: "Ya akamwini anga! Anakonza okha!"

Sindinatembenuke. M'diso munalowa kachitsotso.

Owotcherera akuti ngolo ituluka Lachitatu, ndipo akuti ekiselo yotere sanaionepo. Ndawauza kuti ndikudziwa, ndinasankha ndine.

Chigafa chili pululu. Mawa kuthyola fodya, ine ndi dzanja limodzi.

Koma kunena zoona Adona ayenda bwino lero. Osagwedeza, opanda utsi, phiri la kudambo akwera osabwerera m'mbuyo. Anthu odzaza thoo, ndipo petulo sanamwe ngakhale dontho.